MCMIL pa chiliza, ndi zolakwika zina za manambala a Chiroma

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta pa Kamuzu Road ku Salima kuno. Ndisanayambe bizinesiyi ndinadyapo fumbi la choko zaka zingapo, kuphunzitsa masamu kupulayimale, moti mpaka lero makasitomala ambiri amangonditchula kuti aphunzitsi. Chilimwe chikafika, anthu atagulitsa mpunga ndi thonje, ziliza zimamangidwa, maukwati amachuluka, ophunzira a m'makoleji nawo ali kalikiliki ndi malipoti awo. Ndi nyengo imeneyi yomwe manambala a Chiroma amandipeza, ndipo zolakwika zake ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka, amangosintha ndi mwini pepala.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa cha ku Chipoka, atanyamula pepala lothothola m'kope, lopindapinda mpaka kuda m'mbali. Amafuna ndiwatayipire mawu oti mmisiri akalembe pa chiliza cha malemu bambo awo. Mwana wawo wa kusekondale ndi amene anawauza kuti zaka zikalembedwa m'Chiroma zimaoneka zaulemu, ndipo anawalemberatu: MCMIL – MMIXX.

"Kodi madalawa anabadwa liti?" ndinafunsa.

"1949, aphunzitsi. Anatisiya 2019."

"Ndiye pepalali lisafike kwa mmisiri, bambo. Simenti ikauma ilibe labala."

Zolondola ndi MCMXLIX ndi MMXIX. Mnyamatayo sanalembe mwachisawawa ayi. Anaganiza kuti 49 ndi 50 kuchotsapo 1, 19 ndi 20 kuchotsapo 1, ndipo masamu ake ngoona. Chomwe sanadziwe n'chakuti kuchotsera kwa Chiroma kuli ndi malire ake. Tifikako.

Zilembo zake ndi 7 basi

I ndi 1, V ndi 5, X ndi 10, L ndi 50, C ndi 100, D ndi 500, M ndi 1000. Zitatu zoyambazo aliyense amazidziwa chifukwa cha wotchi ndi mitu ya m'mabuku. Zomwe zimathawa m'mutu ndi L, C ndi D. Za C ndi M, kumbukirani tepi ya atelala: mita imodzi ili ndi masentimita 100 ndi mamilimita 1000, mawu ochokera ku Chilatini komwe zana ndi centum ndipo chikwi ndi mille. Zotsalazo ndi matheka. V ndi theka la X, L ndi theka la C, D ndi theka la M. Ana anga ndinkawalembera X wamkulu pabolodi n'kufufuta kumunsi, amatsala V. Kenako C wamakona n'kufufuta kumwamba, amatsala L. Sankaiwalanso.

Mwana akulemba VIIII m'malo mwa IX

Musafulumire kumukalipira. Chomwe chikulankhula m'mutu mwakemo ndi Chichewa chenicheni.

Tamverani mmene timawerengera: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Pamenepo dzanja latha, ndiye timaligwirizira n'kuyamba lina: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu. Tsopano onani Chiroma: VI, VII, VIII. Ndi chimodzimodzi, V ndi dzanja lathunthu, timitengo tapambuyo pake ndi zala za dzanja linalo. Kwerani ku makumi, simusochera: makumi asanu ndi limodzi ndi LX, makumi asanu ndi atatu ndi LXXX. Mazana asanu ndi awiri ndi DCC. Wowerenga m'Chingerezi amachita kuphwanya 7 kuti apeze 5 ndi 2, pomwe ife chilankhulo chinatiphwanyira kale. Zimandiwawa kuti m'kalasi timathamangira kuloweza tebulo osawauza ana zimenezi, chonsecho agogo awo kumudzi amawerenga nkhuku m'njira yomweyi.

Msampha uli pa 4 ndi pa 9. Ife timati zinayi, mwana n'kulemba IIII. Timati zisanu ndi zinayi, mwana n'kulemba VIIII. Makumi asanu ndi anayi amasanduka LXXXX. Kalembedwe kamene kali m'mabuku a masiku ano, komwenso wochonga mayeso amayembekezera, sikalola chilembo chimodzi kubwera kanayi motsatizana. Chikabwera katatu, basi. Pa 4 ndi pa 9 umasiya kuwonkhetsa, umayang'ana kutsogolo n'kunena chomwe chatsala kuti ukwane.

Ndimafanizira ndi chenji. Wagula usipa wa K900 ku Senga Bay, wapereka K1000, akubwezera K100. Imeneyo ndiye CM: M yomwe wapereka, C yomwe yabwerera ili kumanzere kwake. Chilembo chaching'ono chikatsogola chachikulu, chimenecho ndi chenji, chichotsedwe. Chikabwera pambuyo, ndi chowonjezera.

Magulu a chenji ovomerezeka alipo 6 okha, ndipo ndi okhawa oyenera kuwaloweza: IV ndi 4, IX ndi 9, XL ndi 40, XC ndi 90, CD ndi 400, CM ndi 900. Mukaona gulu lina lomwe palibe apa, pali cholakwika.

IL, IC, VC, MIM ndi abale awo

Uwu ndiye unali mlandu wa pepala la ku Chipoka. Munthu akangomva kuti n'zotheka kuchotsera, amakomedwa nazo, n'kuyamba kudula njira paliponse. 99 amalemba IC, 95 amalemba VC, 1999 amalemba MIM, 18 ena mpaka amalemba IIXX.

Malire ake ndi atatu. Zochotsera ndi I, X ndi C zokha. V, L ndi D sizichotsera, komanso sizibwerezedwa, chifukwa VV ndi X kale. Chochotsera chimafikira zilembo ziwiri zokha zoyandikana nacho kumtunda: I amachotsedwa pa V ndi X, X pa L ndi C, C pa D ndi M. I sangalumphe kukachotsedwa pa L kapena pa M, monga momwe mwana wa sitandade 1 sangakakhale pa desiki ya folomu 4. Chomaliza, chochotsera chimakhala chimodzi, osati ziwiri.

Koma kunena zoona, simufunika kusunga malamulo onsewa m'mutu ngati mutsata njira imodzi iyi. Musayese kulemba nambala yonse kamodzi. Iphwanyeni mmene tinkachitira ku sitandade 3, masauzande, mahandiredi, mateni ndi mawani, chilichonse pamzere wake:

1000 ndi M
900 ndi CM
40 ndi XL
9 ndi IX

Kenako lumikizani kuchokera pamwamba, ngati mabogi a sitima ya katundu: MCMXLIX. Bogi iliyonse ndi yoima payokha, siibwereka kwa inzake. Mnyamata uja anatenga 40 ndi 9 n'kuziika m'bogi imodzi, ndiye panatuluka IL. Ndi njira yomweyi, 99 ndi XC ndi IX, kutanthauza XCIX. 95 ndi XCV. 1999 ndi M, CM, XC, IX, kutanthauza MCMXCIX, yaitali koma yoona. Chaka cha ufulu wathu, 1964, ndi MCMLXIV. Chaka cha chisankho cha zipani zambiri, 1994, ndi MCMXCIV. Zindikirani kuti ziwirizi zikusiyana pa bogi ya mateni yokha, LX ndi XC.

Nanga pali ziro ndilembe chiyani?

Musalembe kanthu. Chiroma chilibe chilembo cha ziro. Ndinaonapo MM00V pa satifiketi ya kwaya, wina anafuna kulemba 2005 ndipo mtima sunamulole kusiya malo opanda kanthu. Ndi MMV basi. 1906 ndi MCMVI, 2010 ndi MMX, 207 ndi CCVII. Apanso Chichewa chimatithandiza: timati zikwi ziwiri kudza mphambu zisanu, sititchula za mazana ndi makumi omwe palibe.

Chifukwa cha ichi, kutalika kwa nambala sikunena kukula kwake. MM ndi 2000, pomwe MDCCCLXXXVIII, yazilembo 13, ndi 1888 chabe. Amisiri ena amakayika akaona chaka chobadwa chili chachitali kuposa chomwalira, n'kufuna kuwonjezerapo zilembo kuti zifanane. Asatero.

Zilembo zonse zilipo koma zasinthana malo

IX ndi XI, XL ndi LX, XIV ndi XVI. Vuto ili ndi loopsa chifukwa zonse ziwiri ndi nambala zenizeni, palibe chimaoneka chachilendo. Papa amene anasankhidwa mu Meyi 2025 ndi Leo XIV, wa nambala 14. Benedict XVI anali wa nambala 16. Ndinakonzapo pulogalamu ya mwambo wa kutchalitchi yomwe inawasinthanitsa, wolembayo dzanja linazolowera XVI. Chaka chinanso gulu lina lopita ku Kulamba ku Mkaika linabwera ndi mawu a pa nsalu yawo atalemba Kalonga Gawa Undi IX m'malo mwa XI. Akanakafika nayo choncho, akanakhala kuti akulonjera mfumu ya kale.

Njira yodzitetezera ndi kuwerenga mobweza zomwe mwalemba, ngati kuti walemba ndi munthu wina. Yambani ndi kusaka magulu a chenji aja, paliponse pomwe chaching'ono chatsogola chachikulu, muwazinge ndi pensulo. Zotsalazo muwonkhetse. MCMXCIV imagawika M, CM, XC, IV, ndiye 1000, 900, 90 ndi 4. Ikapanda kubwerera pa nambala yomwe munayambira, penapake pasokonekera.

Kwa opulinta malaya ndi olemba zikwangwani pali kamsampha kena. I, V, X ndi M zimaoneka chimodzimodzi ngakhale muzitembenuze ngati pagalasi. Stensulo ikagonekedwa chagada, kapena pepala lodinda pa malaya mukaiwala kulipulinta motembenuza, mawu ena onse amakuchenjezani chifukwa amaoneka opotoka, koma nambala ikakhala payokha siinena kanthu: XI imangosanduka IX mwakachetechete, VI n'kukhala IV. Lembani kachizindikiro kutsogolo kwa stensulo.

Kungodutsamo: XL wa pa kolala ya shati ya kaunjika si 40, ndi saizi. IV ya pa faelo ya wodwala kuchipatala nthawi zambiri si 4, akunena mankhwala olowera m'mtsempha.

"Koma wotchi ya kunyumba ili ndi IIII"

Funso ili limabwera ndithu, kawirikawiri kuchokera kwa kholo lomwe mwana wake wachongedwa molakwa. Wotchiyo sinalakwe. Opanga mawotchi ambiri amalemba IIII kuyambira kalekale, ngakhale kuti pa 9 amalemba IX. Si onse: wotchi yotchuka ya Big Ben ku London ili ndi IV. Aroma eniakewo sanali okhwima pa nkhaniyi. Pa zipata za Colosseum ku Rome, bwalo lomwe linatsegulidwa chaka cha 80 pambuyo pa kubadwa kwa Yesu, nambala 44 inasemedwa XLIIII, kuchotsera pa 40 koma kuwonkhetsa pa 4. Ku London komweko, pa Admiralty Arch, chaka cha 1910 chinalembedwa MDCCCCX osati MCMX.

Maganizo anga ndi awa. Mukapeza IIII kapena CCCC pa mwala wakale wa tchalitchi kapena pa belu, werengani powonkhetsa, musanene kuti akale anali mbuli. Koma polemba zanu, pamayeso, pa chiliza, pa satifiketi, tsatani kalembedwe ka masiku ano, chifukwa ndi komwe wowerenga aliyense akakuyeserani. Ndipo IIII ali ndi mbiri yomuikira kumbuyo, pomwe IL ndi MIM za mnyamata wodula njira sizikupulumutsani kwa wochonga.

Nambala ikapitirira 3999

Poti M sabwera kanayi ndipo palibe chilembo cha 5000, zilembo 7 zija zimathera pa MMMCMXCIX, yomwe ndi 3999. Kupitirira apo amaika kamzere pamwamba pa zilembo, kutanthauza kuchulukitsa ndi 1000: V wa kamzere pamutu ndi 5000, X wa kamzere ndi 10,000. Dziwani zimenezi chifukwa cha mayeso, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku musadzivute. Mtengo wa njinga kapena chiwerengero cha matumba a mpunga a ku Lifuwu lembani ndi manambala wamba.

Musayesenso kuchita nawo masamu. Mukapatsidwa XLVII kuwonkhetsa ndi XXIX, sinthani kaye: 47 ndi 29 ndi 76, kenako bwezani, LXXVI. Aroma nawonso sankawerengera pa zilembozi. Ankasuntha timiyala pa thabwa la mizere, zofananako ndi bawo, zilembo zinali zongolembera yankho. Manambala omwe timagwiritsa ntchito lero anachokera ku India kudzera mwa Aluya, ndipo ku Ulaya anafala pang'onopang'ono pambuyo pa buku lomwe Fibonacci wa ku Pisa analemba mu 1202.

Zovuta za pa kompyuta

Apa ndi pomwe ndimadyera, ndiye ndichedwapo.

Choyamba ndi kusakaniza I wamkulu, l wamng'ono ndi nambala 1. Mu fonti ngati Arial, I wamkulu ndi l wamng'ono amafanana ngati mapasa, moti wina amatayipa ll kapena 11 pofuna II. Zotsatira zake Papa John Paul II, yemwe anabwera kuno ku Malawi mu 1989, amasanduka John Paul 11, ndipo Nkhondo Yadziko Lonse II imakhala ya nambala 11. A sayansi nawo, iron(II) ndi iron(III) ndi zinthu ziwiri zosiyana, kamtengo kamodzi kakasowa yankho lapita. Kuti muone ngati mwatayipa zoona, sinthani mawuwo kanthawi kochepa akhale mu Times New Roman, pomwe I wamkulu amasiyana bwino ndi zinazo. Pewaninso tizizindikiro tapadera tomwe mumakopera pa intaneti, pomwe XII yonse ndi kachilembo kamodzi. Pa foni timaoneka bwino, koma pa kompyuta ina timatuluka ngati kabokosi. Tayipani X, I, I ndi manja anu.

Chachiwiri, mukatayipa i wamng'ono payekha, Word imamukweza kukhala I poganiza kuti mukulemba Chingerezi. Dinani Ctrl ndi Z nthawi yomweyo, abwerera.

Chachitatu ndi chomwe chimaliza ophunzira a m'makoleji usiku woti mawa akapereka lipoti. Masamba oyambirira, a kuthokoza ndi zamkatimu, amafunika i, ii, iii, ndipo mutu woyamba uyambire pa 1. Iwo akasintha tsamba limodzi, buku lonse limasintha. Chifukwa chake n'chakuti Word imaona buku lonselo ngati chigawo chimodzi, ndipo kudina Enter kambirimbiri kapena kuika Page Break wamba sikuligawa. Chitani izi. Ikani kasala, kamzere kophethira kosonyeza pomwe mukutayipa, kumapeto kwa tsamba lomaliza la zoyambirira, pitani pa Layout, Breaks, musankhe Next Page ya pansi pa Section Breaks. Tsopano muli ndi zigawo ziwiri. Dinani kawiri kumunsi kwa tsamba la mutu woyamba, muzimitse Link to Previous. Mukadali pomwepo, pitani pa Insert, Page Number, Format Page Numbers, musankhe 1, 2, 3, ndipo pa Start at muike 1. Bwererani ku chigawo choyamba muchitenso chimodzimodzi koma musankhe i, ii, iii.

Mutu woyamba ukayambira pa 7 kapena 8, ndiye kuti Start at yaiwalika, ikupitiriza kuchokera kumbuyo. Manambala akamayambiranso pa 1 pakati pa buku, pali Section Break ina yobisala yomwe munaika osadziwa. Dinani kachizindikiro ka ¶ kuti ionekere, ndipo m'chigawo chimenecho musankhe Continue from previous section. Ngati simukufuna nambala pa tsamba la pachikuto, chongani Different First Page. Mukamaliza, musaiwale kudina Update pa zamkatimu, apo ayi zikhalabe zikuloza masamba akale.

Excel ili ndi chida chodziyesera. Lembani =ROMAN(1949) ikupatsani MCMXLIX. Imathera pa 3999, kupitirira apo imakana. Musaike nambala yachiwiri m'kati mwa fomulayo, chifukwa =ROMAN(499,4) imatulutsa ID, kalembedwe kodula komwe m'kalasi sikaloledwa, pomwe =ROMAN(499) imapereka CDXCIX yolondola. Ilipo inanso, ARABIC, yobweza Chiroma kukhala nambala wamba, kuyambira mu Excel 2013. Ndipo mukasanja mndandanda wa manambala a Chiroma, Excel imawaona ngati mawu, ndiye IX amabwera V asanafike. Sungani manambala wamba mu kolamu ina, muzisanjira imeneyo.

Madeti a ukwati

Achinyamata akonda kulemba tsiku la ukwati pa khadi, pa keke ndi pa mphete motere: XV.VIII.MMXXVI, kutanthauza 15 Ogasiti 2026. Palibe vuto, bola tsiku, mwezi ndi chaka zilekanitsidwe ndi timadontho, chilichonse chiphwanyidwe pachokha. Mukazigundanitsa palibe angaziwerenge. Pempho langa ndi lakuti pa khadi loitanira anthu muikenso deti ya manambala wamba penapake. Azakhali a ku Khombedza akufuna adziwe tsiku lokwera minibasi, osati kupatsidwa mayeso.

Bambo a ku Chipoka aja ndinawapulintira zaka ziwirizo m'zilembo zazikulu, tsamba lonse, ndipo pansi pake ndinalemba ndi bolopeni kuti chaka choyamba chili ndi zilembo 7, chachiwiri 5. Ndinawauza kuti mmisiri ayambe walemba ndi choko, iwo awerenge zilembozo chimodzichimodzi ndi chala, ajambule ndi foni anditumizire pa WhatsApp asanakhudze simenti. Chithunzi chinabwera Lachisanu madzulo. Mzere wapamwamba unali bwino. Wapansi unali MMXXI, zilembo 5 ndithu, koma I atathawira kumapeto, madala aja atawonjezeredwa zaka ziwiri za moyo. Ndinawaimbira pompo, mmisiri anafufuta ndi kansanza konyowa n'kumubweza I pakati pa ma X awiriwo.